Funsani Amisiri: Chinyezi Chotuluka Pansi pa Nyumba Yakale

Mvula itangokata, makalata ambiri amene afika kwa ife akudandaula chinthu chimodzi: pansi pa nyumba pakunyowa. Tasankhapo asanu ndi limodzi. Pamene tatchula wilibala, tikunena ija ya amisiri ya malita 65, yodzaza mpaka m'milomo koma yosalaza pamwamba. Thumba la simenti ndi la makilogalamu 50.

FUNSO: Nyumba yathu anamanga ndi malemu bambo anga m'zaka za m'ma 1970. Mvula ikafika pakati, simenti ya pabalaza imada ngati wina wathirapo madzi, mphasa imanunkha, ndipo miyendo ya kabati yayamba kuola. Denga silidontha. Madziwa akuchokera kuti, nanga ndipakepo chiyani? (Mayi wa ku Kapata, Chipata)

YANKHO: Amayi, ndalama ya chopakayo iyambe yakhala m'thumba. Simenti youma imaoneka ngati mwala, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo imakoka madzi a m'nthaka monga chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Nyumba zomangidwa bwino masiku ano zimakhala ndi pepala la pulasitiki pansi pa konkire lodula njira imeneyi. Nyumba zambiri zakale zilibe, ndipo zina zimene zinali nalo, linabooka kalekale. Komabe nthaka si gwero lokhalo. Pansi pamanyowanso chifukwa cha paipi yophulika, kapena chifukwa cha mame a m'nyumba momwemo, pamene mpweya wofunda wa chinyezi ukhudza simenti yozizira. Mankhwala a zitatuzi ndi osiyana, choncho yambani mwayeza.

Dulani pepala la pulasitiki loonekera mkati, masentimita 45 mbali zonse. Sesani ndi kupukuta pamalo amene pamada kwambiri, liyaleni, ndipo mumate m'mbali monse ndi tepi yolimba kuti mpweya usalowe. Chitani chimodzimodzi pakati pa chipinda komanso pafupi ndi khoma lakunja. Musakhudze kwa masiku awiri kapena atatu. Mukapeza madontho kunsi kwa pepalalo, kapena simenti ya pamenepo yada kuposa ya pambali, madzi akuchokera pansi. Madontho akakhala pamwamba pa pepala, amenewo ndi mame, ndipo vuto ndi kuchepa kwa mpweya m'nyumba: mazenera otsekedwa tsiku lonse, zovala zoyanikidwa m'kati, mabowo a mpweya a pamwamba pa mazenera amene anthu amatseka ndi mapepala m'nyengo yozizira n'kuiwala kutsegula.

Za paipi, tsekani mipope yonse madzulo, lembani manambala a pa mita ya madzi, muwerengenso m'mawa munthu asanatunge. Manambala akasuntha, madzi akuthawira penapake. Chizindikiro china n'chakuti chinyezi cha paipi sichidziwa nyengo: chimakhalapo ngakhale mu Okutobala, ndipo chimakhala malo amodzi, kawirikawiri kufupi ndi bafa kapena khitchini. Chanucho mwati chimabwera ndi mvula, ndiye tikuganiza kuti ndi cha m'nthaka.

Tsopano tulukani panja, chifukwa nkhani yaikulu ili kumeneko. Chipata amalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka, yambiri pakati pa Disembala ndi Malichi. Milimita imodzi ya mvula pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ndi lita imodzi ya madzi. Denga laling'ono chabe, la mamita 8 kwa 10, limatsitsa malita 80,000 pa chaka, omwe ndi migolo 400 ya malita 200. Ngati palibe chowalandira, madzi onsewo amagwera pafupi ndi maziko. Onjezanipo kuti tauniyi inakhala m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, kotero nyumba zambiri zimalandiranso madzi otsika kwa aneba a kumtunda.

Choyamba kuyang'ana ndi msinkhu wa dothi la panja. Pansi pa m'nyumba payenera kukwera kuposa dothi la panja ndi masentimita osachepera 15, ndiko kuti mizere iwiri ya njerwa. Pa zaka makumi asanu dothi limakwera lokha: zosesedwa, zokokoloka ndi mvula, dimba la maluwa limene wina analima motsamira khoma, mulu wa mchenga wotsala pomanga. Nyumba zina zakale mumapeza kuti bwalo lafanana ndi pabalaza, kapena lapitirira. Palani dothilo mpaka mizere iwiri ija ioneke, koma musafukule maziko. Kenako salazani bwalo kuti litsetserekere kutali ndi nyumba, kutsika masentimita 5 pa mita iliyonse kwa mamita awiri oyambirira. Maluwa ndi masamba othirira zichoke m'mbali mwa khoma.

Chachiwiri ndi madzi a padenga. Ikani magata (mipita yolandira madzi m'mphepete mwa malata) ndi paipi yotsitsa madzi mu thanki kapena kuwatayira mamita awiri kapena atatu kuchoka pa khoma. Ngati ndalama ya magata palibe, wakani kakhonde ka konkire kuzungulira nyumba, kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kuti kapitirire pamene madzi a malata amagwera. Kakhale kokhuthala masentimita 7 kapena 8, kopendekera kunja masentimita 2 kapena 3 pa mita, ndipo kumapeto kwake kukhale kangalande kosazama kotengera madzi kumunsi. Msakanizo wake ndi thumba limodzi la simenti, wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, mawilibala atatu a miyala. Amisiri ambiri amalakwitsa pano pokweza kakhondeko mpaka kufanana ndi pansi pa m'nyumba. Akatero amakhala amangira madzi mlatho wolowera m'khoma. Ndipo ngati kakhonde kalipo kale koma kanasiyana ndi khoma n'kusiya mng'alu, kapena kanatitimira n'kupendekera ku nyumba, kakuthira madzi m'maziko m'malo mowachotsa. Kagumuleni.

Mukachita zimenezi, dikirani mvula ina idutse musanaswe simenti ya m'kati. Nyumba zambiri zimauma ndi ntchito ya panjayi yokha, ndipo ndiyo yotsika mtengo.

FUNSO: Mmisiri wandiuza kuti ndikaika matailosi chinyezi chitheratu, poti matailosi salowa madzi. Simenti yanga ndi yolimba, ilibe ming'alu, imangonyowa basi. Ndimumvere? (Bambo wa ku Katete)

YANKHO: Ayi, bambo. Tailosi lenilenilo silingalowe madzi, koma madzi sachoka chifukwa mwawaphimba. Amatulukira m'mizere ya pakati pa matailosi, mumaona ufa woyera ngati mchere ndi mizere yakuda ya nkhungu. Pakapita nthawi chomatira chimafooka, matailosi amayamba kulira ngati ng'oma mukawagogoda, ena n'kutukuka. Kapeti ya pulasitiki ndiye imaposa kuipa: pansi pake pamasanduka dziwe lonunkha. Utoto wa pansi umatupa matuza n'kusupuka. Ngakhale polishi wofiira amene timakonda kupaka pa simenti amachita mawanga oyera pamalo otere.

Popeza simenti yanu ndi yolimba, pali njira yosafuna kuswa, koma muichite mutakonza kale za panja monga tauzira amayi a ku Kapata. Chotsani polishi yense ndi burashi ya waya ndi sopo mpaka madzi azilowa mu simenti osaima ngati mikanda, chifukwa palibe chimene chimamata pa polishi. Tsekani timaenje tonse. Pakauma, pakani phula la madzi limene limagulitsidwa m'zitini m'masitolo a zomangira, kawiri kapena katatu, ulendo uliwonse mopingasa wa poyamba, ndipo muzidikira kuti liume monga zalembedwera pa chitini. Likwere m'khoma masentimita 15. Ulendo womaliza, lisanaume, wazanipo mchenga woyera wokhakhala kuti choikidwa pamwamba chipeze pogwira. Pamwamba pake yalani simenti yatsopano yokhuthala masentimita osachepera 5, thumba limodzi pa mawilibala awiri a mchenga wa kumtsinje. Mungathenso kuyala pepala la pulasitiki m'malo mwa phula, koma pamenepo simenti ya pamwamba ikhale masentimita 6 kapena 7 ndipo muikemo waya, chifukwa siimata pa chilichonse, imangokhala ndi kulemera kwake. Yopyapyala imasweka ndi kupindika m'makona.

Mtengo wobisika wa njirayi ndi zitseko. Pansi pakakwera masentimita 5 mpaka 7, kuonjezapo tailosi, zitseko zonse ziyenera kudulidwa, ndipo za chitsulo zimavuta. Yezani mafelemu musanayambe. Matailosi aikidwe simenti yatsopanoyo itauma, patapita milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, ndipo muyambe mwayeza ndi kapepala ka pulasitiki kaja.

FUNSO: Chipinda chogona cha mamita 3 kwa 4 chili ndi simenti yosweka, pena pamalira mphako, ndipo chiswe chimatulukira m'ming'alu. Ndatsimikiza zoswa n'kuyambiranso. Ndigule zinthu zochuluka bwanji, ndipo ndiyang'anire chiyani kuti amisiri asandipusitse? (Bambo wa ku Petauke)

YANKHO: Mwaganiza bwino, akulu. Simenti yolira mphako ndiye kuti dothi la pansi pake linatitimira, ndipo chigamba sichingathandize. Ntchitoyi ichitike pakati pa Meyi ndi Julayi, nthaka itauma, kuti konkire ipeze miyezi yokwanira youmira mvula ya Novembala isanafike.

Musanamenye piki, dziwani pamene padutsa mapaipi a madzi ndi a magetsi. Lembani mzere kuzungulira makoma, mita imodzi kuchokera pamene mukufuna kuti pansi patsopano pathere, pogwiritsa ntchito levulo kapena kapaipi koonekera kodzaza madzi. Miyezo yonse izichokera pa mzere umenewu. Iswani simenti yakale, fukulani mpaka masentimita 32 kapena 33 kutsika kuchokera pa msinkhu womalizawo. Apa samalani: nyumba zina zakale zili ndi maziko osazama. Yambani mwakumba kadzenje pakona kuti muone pamene maziko athera, ndipo musakumbe kupitirira pamenepo. Akakhala osazama, chepetsani miyala ya pansi, osati konkire. Chotsani mizu, zidutswa za matabwa ndi dothi lakuda lonse, pakuti zimenezi ndizo chakudya cha chiswe.

Zoyala zimapita motere, kuyambira pansi. Miyala yophwanya kapena zidutswa za njerwa zopsa bwino, masentimita 15, zomwe m'chipinda chanucho ndi mawilibala opitirira pang'ono 30. Muziyale kawiri, theka ndi theka, ulendo uliwonse kusinja ndi chipika cholemera kufikira mwala usagwedezeke mukaupondapo. Ntchito ya miyalayi ndi iwiri: kunyamula konkire, komanso kudula kukwera kwa madzi, chifukwa madzi amakwera m'timipata tating'ono ta dothi koma amalephera m'mipata ikuluikulu ya pakati pa miyala. N'chifukwa chake kudzaza ndi dothi la pachulu kapena la makande n'kulakwa, ngakhale lisinjike bwino chotani. Simenti yakale imene mwaswa mungaibwezeremo mutaiphwanya kuti zidutswa zisapose chibakera.

Pamwamba pa miyala yalani mchenga masentimita 4, mawilibala 8, n'kusinjanso kuti pasakhale nsonga ya mwala yotulukira. Apa ndi pothira mankhwala a chiswe. Gulani ovomerezedwa ndi ZEMA, bungwe la boma loyang'anira za chilengedwe ku Zambia, asungunulidwe monga chitini chanenera, wothirayo avale magolovesi ndi chophimba mphuno, ndipo ana asayandikire.

Kenako pepala la pulasitiki, lomwe ndilo mtima wa ntchito yonseyi. Likhale la zomangira, lokhuthala mamaikironi 250 (kota ya milimita imodzi) kapena kuposa, limene ena amalitcha geji 1000. Lija lopyapyala lofolerera udzu padenga limang'ambika konkire isanathiridwe n'komwe. Gulani lokwana masikweyamita 20. Polumikiza, lina likwere pa linzake masentimita 30 ndipo mumate ndi tepi. M'mbali likwere khoma mpaka kupitirira msinkhu wa pansi patsopano. M'makona lipindeni ngati mukukulunga mphatso, osadula. Pamene padutsa paipi, matani mozungulira. Ngati khoma lili ndi kansalu ka phula kapena ka pulasitiki pakati pa njerwa za m'munsi, pepala lanu lifike pamenepo kuti ziwirizi zikumane. Ndipo imani pomwepo pa tsiku lothira konkire. Mawilibala aziyenda pa matabwa, osati pa pepala, ndipo paliponse pabooka pamatidwe chigamba nthawi yomweyo. Bowo limodzi la fosholo limabweretsa banga la chinyezi limene simudzalipezanso njira yolitsekera.

Konkire ikhale masentimita 10. M'chipinda cha masikweyamita 12 mufunika matumba 8 a simenti, mawilibala 8 a mchenga wa kumtsinje ndi mawilibala 16 a miyala ya mamilimita 20, kutanthauza thumba limodzi pa wilibala imodzi ya mchenga ndi awiri a miyala. Mchenga ukhale wopanda dothi: ufinyeni m'manja uli wonyowa, ukasiya matope m'chikhatho ndi woipa. Madzi akhale malita pafupifupi 25 pa thumba, ocheperapo ngati mchenga ndi wonyowa kale. Anyamata osakaniza amakonda konkire yamadzimadzi ngati phala poti siilemetsa fosholo, koma madzi opitirira muyeso akauma amasiya timabowo tochuluka, konkire n'kukhala yofooka ndi yomwa madzi. Ikhale yoti mukaiunjika pa fosholo iziima. Ithiridwe chipinda chonse tsiku limodzi, ndipo isinjidwe ndi thabwa kuti mpweya utuluke.

Simenti yosalaza ya pamwamba, masentimita 3, idya matumba ena 3 ndi mawilibala 6 a mchenga. Imagwira bwino ikaikidwa tsiku lomwelo kapena lotsatira. Mukachedwa, konkire ikhale yokhakhala, itsukidwe, ipakidwe phala la simenti ndi madzi, ndipo muyale phalalo lisanaume. Onse pamodzi ndi matumba 11, gulani 12. Chizolowezi chowaza simenti youma pamwamba kuti pawale msanga chimabala kachikopa kamene kamasupuka chaka chisanathe.

Kwa masiku 7 pansipo pasaume: phimbani ndi pulasitiki kapena masaka onyowa. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa. Masiku amenewo akatha, tsegulani mazenera. Konkire imauma pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, ndipo poti pansi pake pali pulasitiki, madzi onse atulukira pamwamba pokha. Masentimita 13 afuna miyezi inayi kapena kuposerapo. Kugonamo mungayambe pakatha milungu iwiri kapena itatu, bedi lili pa miyendo yake, koma matailosi ndi kapeti zidikire. Pepala lotsala m'mbali mulidule pomaliza, ndipo pulasitala wa khoma asatsike kukakhudza pansi: siyani mpata wa chala chimodzi kapena ziwiri, muubise ndi sikatingi, kamzere kophimba m'munsi mwa khoma.

FUNSO: Chaka chatha tinaika pansi patsopano ndi pulasitiki yomwe. Pansi pauma ndithu, koma tsopano makoma ndiwo anyowa mpaka m'mawondo, utoto ukusupuka ndipo pakutuluka zoyera. Nyumbayi ndi ya njerwa zootcha zomangira dothi. Tinalakwa pati? (Mphunzitsi wopuma, Lundazi)

YANKHO: Aphunzitsi, funso lanu ndi limene tikufuna aliyense wokhala m'nyumba yakale aliwerenge asanagule pulasitiki. Kale chinyezi cha pansi pa nyumba yanu chinkatuluka pang'onopang'ono kudzera pansi ponse, mphepo n'kuchitenga. Mwatseka khomo limenelo, koma madzi a m'nthaka sanachepe, ndiye apeza njira yotsala: njerwa ndi dothi lomangira, zomwe zimamwa madzi kuposa simenti. Khoma lanu lilibe chotchinga m'munsi, choncho madzi akukwera mpaka pamene mphamvu yokwera ikufanana ndi kuuma kwake. Zoyerazo ndi mchere wa m'nthaka ndi wa m'njerwa umene umatsala madzi akauluka. Mcherewo ukamaumbika m'kati mwa pulasitala umamutupitsa n'kumufumbutsa, ndiponso umakoka chinyezi cha mumpweya, kotero khoma limaoneka lonyowa ngakhale gwero litatsekedwa.

Pansi panu musaswe. Pitani panja mukachepetse madzi ofika pa maziko: kutsitsa dothi, magata, kakhonde kopendekera kunja. Kenako gumulani pulasitala yense wodwala mpaka masentimita 30 kupitirira pamene chinyezi chinafika, ndipo khoma likhale lamaliseche chilimwe chonse. Mchere ukatuluka, uchotseni ndi burashi youma n'kuusesera kunja. Osatsuka ndi madzi, chifukwa umasungunuka n'kubwereranso m'njerwa.

Pomatanso, pewani msakanizo wolimba wa simenti yambiri. Pa khoma lomangira dothi, pulasitala wolimba amatsekera madzi m'kati, chinyezi chimakwera pamwamba pake, ndipo dothi la pakati pa njerwa limafewa mobisika. Sakanizani muyeso umodzi wa simenti, umodzi wa laimu womangira, ndi isanu ndi umodzi ya mchenga. Pamwamba pakani njereza kapena utoto wa madzi. Utoto wa mafuta wonyezimira, umene anthu amakonda kupaka m'munsi mwa khoma, ndi mdani pa khoma lotere, ndipo matailosi a pakhoma ndi chimodzimodzi.

Zikakanika, chotchinga chingalowetsedwe m'khoma lakale: mmisiri amachotsa mzere umodzi wa njerwa pang'onopang'ono, osapitirira mita imodzi pa nthawi ndipo modumphadumpha, amayala kansalu kotchinga madzi kolumikizana masentimita 15, n'kubwezera njerwa mothina. Gawo lina limatsegulidwa loyambalo litalimba. Ndi ntchito yofuna mmisiri wodekha. Wopupuluma amang'alula khoma.

FUNSO: Pulotu yathu ili kumunsi, pafupi ndi dambo. Mu Febuluwale madzi amatumphuka pansi pa chipinda chimodzi mpaka timakolopa. Timasiyamo mbaula usiku kuti muume, koma nkhungu siikutha ndipo mwana amatsokomola. (Mayi wa ku Mchini, Chipata)

YANKHO: Amayi, mbaulayo ichoke usiku uno. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wopanda fungo kapena mtundu, umene umapha anthu ali m'tulo. Siumitsanso nyumba kwenikweni: chinyezi chimangonyamuka pansi n'kukatera pa makoma ndi pa malata. Mwana asamuke m'chipindacho, ndipo chifuwacho akachione a kuchipatala, chifukwa nkhungu imautsa chifuwa ndi mphumu. Potsuka nkhungu pa simenti ndi pa khoma, thirani kapu imodzi ya Jik m'malita 4 a madzi, mazenera ali otsegula, manja ali m'magolovesi. Musasakanize ndi mankhwala ena otsukira. Mphasa ndi matiresi zimene nkhungu yalowerera m'kati sizitsukika.

Vuto lanu ndi losiyana ndi la anzanu a pamwambapa. Kwanu madzi a pansi pa nthaka amakwera mpaka kufika pa nyumba, ndipo amakankha ndi mphamvu. Phula kapena chopaka chilichonse cha m'kati amachitukula. Ayenera kupatsidwa njira ina asanafike. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba ndi m'mbali mwake, mita imodzi ndi theka kapena awiri kuchoka pa khoma, yotambalala masentimita 30 ndi yozama masentimita 60, yotsika sentimita imodzi pa mita iliyonse kulowera kumunsi. Yalanimo nsalu yosefa kapena masaka olukidwa, thirani miyala pang'ono, gonekani paipi ya mamilimita 110 yoboola timabowo toyang'ana pansi, dzazani miyala, pindirani nsaluyo pamwamba, n'kukwirira ndi dothi masentimita 15. Popanda nsalu, matope amatseka miyala m'zaka zochepa. Chofunika koposa ndi kotulukira: ngalande yopanda kotayira imasanduka chitsime pafupi ndi nyumba. Gwirizanani ndi aneba a kumunsi kuti madzi akafike mu ngalande ya mumsewu kapena ku dambo, osati pa khomo la wina, ndipo ngalandeyo isayandikire chimbudzi chokumba.

Tinene mosabisa: pulotu ikakhala yotsika moti palibe kotsetserekera, ngalande siithandiza. Chotsala ndi kukweza pansi pa chipindacho ndi miyala, pulasitiki ndi konkire yatsopano pamwamba pa yakale, ngati denga lili ndi mpata. Apo ayi, chipinda chimenecho chisakhale chogonamo m'miyezi ya mvula.

FUNSO: Kwathu pansi ndi pozira, si pa simenti. Timasunga chimanga ndi nshawa m'chipinda, ndipo matumba a pansi amachita chuku chaka chilichonse. Kodi ndiyale pulasitiki pansi pa matumba? (Mlimi wa ku Chadiza)

YANKHO: Pulasitiki yoyala pa dothi imasonkhanitsa madzi kunsi kwake, ndipo ikabooka pang'ono thumba limakhala pa chithaphwi. Chimene matumba akufuna ndi mphepo yodutsa pansi pake. Ikani njerwa, gonekanipo mitengo yowongoka kapena matabwa, kuti pakhale thandala lokwera masentimita 15. Matumba atalikire khoma theka la mita ndipo asafike ku denga. Izi n'zofunika ngakhale pa simenti yooneka youma.

Pansi pozira pali ubwino wake: pamapuma. Pakanyowa, nthawi zambiri ndi chifukwa choti chiunda cha nyumba chatsika kapena khonde lakokoloka. M'chilimwe palani dothi lakale, yalani miyala ing'onoing'ono masentimita 10, bwezerani dothi losinja bwino pamwamba n'kuzira monga mwa nthawi zonse, kuti m'kati mukwere kuposa bwalo ndi chikhatho chimodzi ndi theka. Kwezaninso khonde, tsindwi litulukire mokwanira, ndipo mulime kangalande kumtunda kwa nyumba.

Onaninso ngati mbewuzo zimalowa m'thumba zitaumadi. Chimanga chosunga chimafuna chinyezi chosapitirira 13 peresenti. Kuti muyeze, thirani chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, onjezani masipuni awiri a mchere wouma bwino, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, n'kulisiya kanthawi. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Nshawa zisungidwe m'makoko ake, ndipo musaziwaze madzi pofuna kuti zisavute kuswa. Zimene zachita kale chuku musadye, musagaye, musapatse nkhuku kapena nkhumba: poizoni wake amaononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika kapena kukazinga. Zikwirireni m'dzenje lakuya, ndipo matumba amene zinalimo achapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa asanalandire zokolola zatsopano.